Momwe mphunzitsi wa pa yunivesite angapezere ndi kusunga zolembedwa za kafukufuku kudzera ku laibulale

Zolembedwa zambiri zimene mphunzitsi wa pa yunivesite ku Malawi amafuna, kaya pokonzekera kalasi, polemba pepala la kafukufuku kapena poyang'anira wophunzira wa masitazi, zinalipiridwa kale kapena ndi zaulere. Chimasowa ndi khomo lolowera. Munthu amalemba mutu pa Google, n'kupeza pepala loyenera, wosindikiza n'kumuuza kuti alipire madola 30 kapena 40, iye n'kulisiya, pamene pepala lomwelo likanatseguka popanda kulipira akanadzera ku laibulale ya yunivesite yake. Ntchitoyi ili ndi dongosolo lake, ndipo imayambira kwa anthu, osati pa kompyuta.

Pitani kaye ku ofesi ya laibulale

Funsani woyang'anira zolembedwa za pa intaneti, ndipo musachoke musanatenge zinthu zitatu: mndandanda wa nkhokwe (ma database a zolembedwa pa intaneti) zimene zikutseguka chaka chino, mawu achinsinsi olowera mu Research4Life (ndondomeko yotsegulira mayiko osauka ma journal ndi mabuku olipira), ndi njira yolowera muli kunja kwa sukulu. Mndandandawo uzikhala wa chaka chino ndithu, chifukwa nkhokwe zolipira zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo imene inkatseguka chaka chatha mwina pano inatsekeka. Malaibulale a UNIMA, KUHeS, MUBAS, LUANAR, Mzuni, MUST ndi ena amagula zambiri mwa nkhokwezi mogwirizana kudzera m'bungwe la MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'dziko muno.

Research4Life ndiye chuma chachikulu chimene aphunzitsi ambiri sachigwiritsa ntchito mokwanira. Ili ndi nthambi zisanu: Hinari ya zaumoyo, imene bungwe la WHO linayambitsa mu 2002, AGORA ya zaulimi, ya FAO, mu 2003, OARE ya zachilengedwe, mu 2006, ARDI ya sayansi ndi luso, mu 2009, ndi GOALI ya zamalamulo, mu 2018. Dziko la Malawi lili m'gulu A, la mayiko amene mabungwe awo a maphunziro salipira kanthu. Imalembetsa ndi yunivesite, osati munthu payekha, n'chifukwa chake mawu achinsinsi amakhala kwa a laibulale.

Vuto lodziwika ndi ili: ku ofesi pepala limatseguka, kunyumba likufuna ndalama. Osindikiza ambiri amazindikira yunivesite poona adiresi ya netiweki yake. Mukalumikiza laputopu ku bandulo ya foni, wosindikiza amakuonani ngati mlendo. Mankhwala ake ndi kulowera pa njira ya kunja imene laibulale yakupatsani, monga MyLOFT, RemoteXs kapena EZproxy. Ngati mwalowa mu Research4Life koma wosindikiza akufunabe ndalama, kawirikawiri ndiye kuti mwatsegula tsamba lake mwachindunji n'kutaya chizindikiro chanu. Tsekani masamba onse, lowaninso, ndipo mutsegule journal ija kuchokera pa mndandanda wa Research4Life. Ikakanabe, mwina wosindikizayo sanaitsegulire dziko lino. Uzani a laibulale, iwo ndiwo amatha kufunsa.

Malamulo awiri asungeni. Mawu achinsinsi musawapereke kwa munthu wa kunja kwa yunivesite, ngakhale kuwaika pa gulu la WhatsApp. Ndipo musadawunilode zoposa 15 peresenti ya kope limodzi la journal kapena ya buku limodzi. Osindikiza akaona makina akukokolola mapepala mazanamazana, satsekera munthu mmodzi, amatsekera yunivesite yonse.

Lembani funso papepala musanafufuze

Tiyerekeze kuti funso lanu ndi lakuti: kodi kubzala chimanga pamodzi ndi nandolo kumathandiza alimi ang'onoang'ono ku Malawi? Musalilembe lonse m'bokosi lofufuzira. Ligaweni m'mfundo zinayi: chimanga, nandolo, kasakaniza, Malawi. Mfundo iliyonse muipezere mayina onse amene olemba amagwiritsa ntchito, n'kuwalumikiza ndi OR:

Mzere 1: maize OR corn OR "Zea mays"
Mzere 2: pigeonpea OR "pigeon pea" OR "Cajanus cajan"
Mzere 3: intercrop* OR "mixed cropping"
Mzere 4: Malawi OR Nyasaland

Kenako lumikizani mizere inayiyo ndi AND. OR amakulitsa zotsatira, AND amazichepetsa. Zizindikiro zogwira mawu zimauza makina kuti mawu awiriwo asalekane, ndipo kanyenyezi kamatenga intercrop, intercropped ndi intercropping pamodzi. M'nkhokwe zimene zimasunga mbiri ya zofufuza, monga PubMed ndi Scopus, fufuzani mzere uliwonse pawokha n'kuphatikiza manambala ake pamapeto. Mukatero mumaona mzere umene ukugwetsa zotsatira. Mukalemba zonse pamzere umodzi, gulu lililonse la OR mulitsekere m'mabulaketi, apo ayi makina adzasakaniza magulu n'kukupatsani mapepala a chimanga cha ku America zikwizikwi. NOT muziiopa: mukalemba NOT Zambia, mwatayanso pepala loyerekeza Malawi ndi Zambia, lomwe mwina ndilo munkalifuna kwambiri.

Zotsatira zikachepa kwambiri, chotsani mfundo imodzi, kawirikawiri ya dziko, chifukwa kafukufuku wa ku Tanzania kapena Mozambique amayankha funso lomwelo. Zikapitirira mazana angapo, uzani makina kuti afufuze m'mutu ndi m'chidule mokha.

Nkhani ya mayina ndi imene imataya zolembedwa za Malawi zambiri, makamaka kwa a mbiri yakale, zilankhulo, malamulo ndi zachilengedwe. Dzina lakuti Malawi linayamba kugwira ntchito ngati dzina la dziko mu 1964. Kuyambira 1907 dzikoli linkatchedwa Nyasaland, ndipo m'mbuyo mwake British Central Africa. Chilankhulo chimene chinatchedwa Chichewa mu 1968 chimapezeka m'mabuku ngati Nyanja, Chinyanja, Cinyanja, Chewa, Cewa kapena Mang'anja, ndipo ku Zambia ndi Mozambique dzina la Nyanja likadalipo. Nyanja yathu ena amailemba Lake Malawi, ena Lake Nyasa, a ku Mozambique Lago Niassa. Maboma nawo anasintha: Mangochi anali Fort Johnston, Nsanje anali Port Herald, Mchinji anali Fort Manning, Chitipa anali Fort Hill, Thyolo ankalembedwa Cholo, Mulanje Mlanje, Nkhotakota Kota Kota. Wofufuza za mbiri ya ulimi wa tiyi amene walemba Thyolo yekha saona chilichonse cholembedwa nthawi ya atsamunda, n'kulemba m'pepala lake kuti palibe anafufuzapo. Mawu oterowo woyesa pepala wodziwa bwino amawagwira msanga.

Nkhokwe iti pa ntchito iti

A zaumoyo ayambe ndi PubMed, yomwe ndi yaulere. Mphamvu yake ili pa MeSH, mayina okhazikika amene amamatidwa pa mapepala ambiri a mmenemo mosayang'ana mawu amene wolemba anasankha. Mukapeza pepala limodzi lolondola, onani mayina a MeSH m'munsi mwake n'kuwaonjezera pa mizere yanu. Dziwani kuti kanyenyezi kapena zizindikiro zogwira mawu zimaletsa PubMed kukulumikizirani mawu anu ku MeSH payokha. Pa tsamba la Advanced mungaone momwe makina amvera zimene mwalemba.

A zaulimi ali ndi AGRIS ya FAO, a zamaphunziro ali ndi ERIC, ndipo a zamalamulo apeza zigamulo za makhoti ndi malamulo a dziko lino pa MalawiLII. Zonsezi ndi zaulere. AJOL, yomwe inayamba mu 1998, imasonkhanitsa ma journal mazanamazana osindikizidwa mu Africa, kuphatikizapo Malawi Medical Journal. Ambiri mwa iwo sapezeka mu Scopus kapena Web of Science, choncho wofufuza nkhani ya kuno amene sanatsegule AJOL sanamalize. JSTOR ndi yabwino pa makope akale. Society of Malawi Journal, imene inayamba mu 1948 ngati Nyasaland Journal, ili momwemo.

Google Scholar ndi yothandiza, koma muidziwe malire ake. Siimva kanyenyezi, siionetsa zotsatira zoposa 1,000, ndipo imasakaniza ma journal odalirika ndi achinyengo osasiyanitsa. Pomwe imaposa zina ndi potsata mzere wa kafukufuku. Tengani pepala lofunika pa mutu wanu, dinani Cited by, muona onse amene analitchula pambuyo pake. Mndandanda wa kumapeto kwa pepalalo ukupatsani amene analitsogolera. Mukatsata mapepala atatu kapena anayi motere n'kuona kuti mayina omwewo akubwerezabwereza, mwafika pamtima pa nkhaniyo. Ikaninso Create alert kuti mapepala atsopano azibwera okha pa imelo.

Nthawi iliyonse mwafufuza, lembani tsiku, dzina la nkhokwe, mizere yonse monga munailembera, ndi chiwerengero cha zotsatira. Kwa wolemba systematic review (pepala lounika mwadongosolo kafukufuku yense wa pa mutu umodzi) izi sizosankha, ndondomeko ya PRISMA 2020 imazifuna. Kwa ena onse zimapulumutsa sabata yathunthu woyesa pepala akafunsa patatha miyezi isanu ndi umodzi kuti munapeza bwanji zimene mwatchula.

Pepala likakhala lotsekedwa

Tsatani njira izi motsatana. Pa Google Scholar dinani All versions, chifukwa wolemba mwina anaika kope lake m'nkhokwe ya yunivesite yake. Ikani Unpaywall pa Chrome kapena Firefox. Kaloko kake kakakhala kobiriwira ndiye kuti pali kope laulere lololedwa. Yesani PubMed Central ndi CORE. Zikakanika, tumizani DOI ya pepalalo (nambala yake yolizindikiritsa pa intaneti) kwa a laibulale kuti alifunse kwa anzawo a malaibulale ena. Pomaliza lemberani wolemba amene imelo yake ili patsamba loyamba, mizere itatu yokha: ndinu ndani, mukufuna pepala liti, pa ntchito yanji. Ambiri amatumiza mosangalala.

Zimene sizili pa intaneti

Mabuku a pa shelefu afufuzeni pa katalogi ya pa kompyuta, mulembe nambala yonse ya pamsana, osati theka lake. Kumene amatsata dongosolo la Library of Congress, zilembo zoyamba zimanena phunziro: R ndi zachipatala, S zaulimi, L zamaphunziro, K zamalamulo, DT mbiri ya Africa. Mukafika pa buku lanu, yang'anani khumi a kumanzere ndi khumi a kumanja, chifukwa a mutu umodzi amakhala moyandikana, ndipo nthawi zambiri buku lothandiza ndi limene simunalidziwe.

Zambiri zokhudza Malawi sizinalowepo mu journal iliyonse: malipoti a maunduna, mathesisi, timabuku ta mishoni, zolemba za misonkhano. Izi mudzazipeza m'chigawo cha Malawiana cha laibulale yanu, ku National Archives ku Zomba, kumene lamulo limafuna kuti zosindikizidwa m'dziko muno ziziperekedwa, ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre. Musanapite, imbani foni mufunse za chilolezo, nthawi yotsegulira ndi ngati amalola kujambula masamba. Ziwerengero za anthu zitengeni ku gwero lake, National Statistical Office: kalembera wa 2018, kafukufuku wa zaumoyo wa 2015–16, kafukufuku wa m'makomo wa 2019–20. Kutenga nambala m'nyuzipepala kapena m'pepala la wina amene nayenso anatenga kwina ndiko kumafalitsa zolakwika.

Sungani mwadongosolo kuyambira tsiku loyamba

Zotero, pulogalamu yosungira ndi kutchulira zolembedwa zimene mwapeza, ndi yaulere ndipo imagwira ntchito ngakhale intaneti itathawa. Ikani pulogalamuyo pa laputopu, ikaninso Zotero Connector pa Chrome kapena Firefox. Mukakhala pa tsamba la pepala, dinani kachizindikiro kake, itenga dzina la wolemba, mutu, chaka, masamba, ndi PDF ngati yatseguka. Ngati muli ndi DOI kapena ISBN (nambala ya buku), ilembeni pa kandodo ka pamwamba, zonse zibwera zokha. Polemba mu Word kapena LibreOffice, dinani Add/Edit Citation, ndipo mndandanda wa kumapeto udzipanga wokha. Journal ina ikakana pepala, kusintha kalembedwe ka mndandandawo kuchoka ku APA kupita ku Vancouver ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Makinawa amalemba zimene apatsidwa, choncho cholowa chilichonse muchione nthawi yomweyo. Zolakwika zofala ndi mutu wa zilembo zikuluzikulu zokhazokha, chaka chosowa, ndi dzina la bungwe lodulidwa ngati la munthu, Ministry of Health n'kusanduka "Health, M. of". Konzani posintha bokosi la wolemba kuti likhale limodzi m'malo mwa awiri. Mayina a kuno nawonso amatembenuzidwa, dzina la bambo n'kukhala loyamba. Yerekezani ndi pepala lenilenilo.

Malo aulere osungira mafayilo pa intaneti ya Zotero ndi 300 MB, ndipo ma PDF amawadzaza msanga. Akadzaza, mayina ndi mitu zimapitiriza kusungika, koma ma PDF ayi, ndipo ambiri amazindikira laputopu itabedwa. Koperani foda yonse ya Zotero pa hard drive yakunja mwezi uliwonse, pulogalamuyo ili yotseka. Foda imeneyi musaisamutsire mkati mwa Dropbox kapena Google Drive. Mapulogalamu awiri akamalemba fayilo imodzi nthawi imodzi, nkhokwe yanu imawonongeka. Musanatumize pepala ku journal, pangani kope lachiwiri n'kudina Unlink Citations pa kope limenelo lokha, chifukwa mukatero simungabwezerenso.

Zotero imaika chizindikiro chofiira pa pepala limene linachotsedwa ndi osindikiza chifukwa cha chinyengo kapena cholakwa chachikulu, pogwiritsa ntchito mndandanda wa Retraction Watch. Imazindikira okhawo amene ali ndi DOI kapena nambala ya PubMed, chimene ndi chifukwa chinanso chodzazira mabokosi amenewo.

Mapulogalamu ocheza a AI amatha kupeka mapepala: olemba enieni, journal yeniyeni, mutu womveka, koma pepalalo kulibe. Chilichonse chimene chabwera mwanjira imeneyi, kaya kwa inu kapena m'thesisi ya wophunzira, chiyeseni polemba DOI yake pa doi.org. DOI iliyonse imayamba ndi 10. Ikakana kutseguka kapena ikatsegula pepala lina, chichotseni. Ndipo musatchule pepala limene mwawerenga chidule chake chokha.

Za kalasi

Mndandanda wa mabuku a phunziro lanu uperekeni ku laibulale miyezi ingapo semesita isanayambe, chifukwa kugula buku kunja kumadutsa m'maofesi ambiri. Lembani wolemba, mutu, kope lachingati, ISBN ndi chiwerengero cha ophunzira. Ngati buku lilipo limodzi kapena awiri pa kalasi ya anthu 200, pemphani kuti liikidwe pa reserve, pomwe amabwereketsa kwa maola ochepa. Mukapanda kutero, wophunzira woyamba kulipeza alisunga mpaka mayeso. Pa maphunziro a chaka choyamba monga biology, chemistry ndi statistics, mabuku a OpenStax ndi aulere ndipo amaloledwa kugawa. Kukopa buku lathunthu pa fotokope n'kugawira kalasi kumasemphana ndi lamulo la Copyright Act la 2016, limene COSOMA imayang'anira. Mapepala a m'nkhokwe zolipira perekani linki yake m'malo motumiza PDF. Patulani ola limodzi kumayambiriro kwa semesita kuti woyang'anira laibulale aphunzitse ophunzira anu kufufuza, pogwiritsa ntchito mutu weniweni wa ntchito imene mwawapatsa.

Potumiza pepala lanu

Kukwezedwa pantchito kumadalira zosindikiza, ndipo ma journal achinyengo amadziwa zimenezo. Amatumiza imelo yokutamandani, kulonjeza kusindikiza m'masiku ochepa, n'kufuna ndalama. Pepala likalowa kumeneko latayika: komiti yokweza anthu ingalikane, ndipo journal yabwino siilandira chimene chinasindikizidwa kale. Musakhulupirire zizindikiro zimene journal yaika pa tsamba lake. Tengani ISSN yake (nambala yozindikiritsa journal) muifufuze nokha pa DOAJ (mndandanda wa ma journal otseguka kwa onse), pa mndandanda wa Scopus Sources, kapena pa NLM Catalog ngati ikuti ili mu MEDLINE, nkhokwe ya ma journal a zaumoyo osankhidwa. Onaninso kuti adiresi ya tsamba ikufanana ndi imene ili pa mndandandawo, chifukwa akuba ena amatenga dzina ndi ISSN ya journal yeniyeni n'kutsegula tsamba lawo. Werengani mapepala awiri a kope laposachedwa, ndipo tsatani mafunso oyesera journal a pa tsamba la Think. Check. Submit. Chosavuta kuposa zonse ndi kuyang'ana mu Zotero yanu: ma journal amene mwawatchula kawirikawiri ndiwo oyenera kuyamba nawo.

Ma journal ambiri otseguka kwa onse amalipiritsa wolemba, nthawi zina madola 2,000 kapena kuposa, koma osindikiza akuluakulu angapo amachotsa ndalamayi kwa olemba a mayiko osauka monga Malawi. Pempholi lipangeni potumiza pepala, osati litavomerezedwa, ndipo dziwani kuti amayang'ana dziko la wolemba wolandira makalata. Ngati udindo umenewo mwaupereka kwa mnzanu wa ku Ulaya, mwayiwo watha.

Tsegulani ORCID, nambala ya manambala 16 yaulere imene imakusiyanitsani ndi a Banda, a Phiri kapena a Mwale ena amene zilembo zoyamba za mayina awo zikufanana ndi zanu, ndipo muziilemba pa pepala lililonse. Dzina la yunivesite mulilembe monga likudziwikira panopa. Kuyambira 2021, pamene University of Malawi yakale inagawidwa, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinakhala KUHeS, ndipo Polytechnic inakhala MUBAS.

Pepala likavomerezedwa, sungani kope lomaliza la Word, limene lakonzedwa motsata oyesa koma wosindikiza asanalikongoletse. Osindikiza ambiri amalola kope limeneli kuikidwa m'nkhokwe ya yunivesite, ena nthawi yomweyo, ena patatha miyezi 6, 12 kapena 24. Open Policy Finder, yomwe kale inkatchedwa Sherpa Romeo, imanena lamulo la journal iliyonse. Liperekeni ku laibulale pamodzi ndi mathesisi a ophunzira anu mu PDF. Moto umene unatentha laibulale ya Mzuni mu Disembala 2015 unawononga mabuku zikwi makumi angapo, kuphatikizapo zolembedwa za Malawi zovuta kuzipezanso, choncho popereka funsaninso kuti kope lachiwiri la nkhokweyo limasungidwa kuti, ndipo lanu musunge kunja kwa nyumba imene muli makinawo.